Chifuwa chikadwala, mimba nayo imanena

Alenje a kuno ku Maravia sachita kuiona nyama kuti aidziwe. Akapeza ndowe panjira amawerama, naitosa ndi kamtengo, ndipo amakuuzani kuti apa padutsa njati kapena ngoma, yadutsa usiku kapena m'mamawa, idadya msipu wa kudambo kapena masamba a kuphiri. Woweta ng'ombe naye akalowa m'khola m'mawa amayamba wayang'ana pansi, chifukwa ng'ombe yodwala imadziwika ndi ndowe yake isanafike pogwa. Mayi wa mwana wakhanda amadziwa za umoyo wa mwana wake pochapa thewera. Nzeru imeneyi tili nayo kuyambira kalekale. Chodabwitsa n'chakuti nkhani ikafika pa ife anthu akuluakulu nzeruyi timaitaya, ndipo pakamwa pathu pamadzaza manyazi.

Lero, awerengi anzanga, ndafuna tikambirane nkhani imene sikambidwa pabwalo kapena pa nthawi ya chakudya, nkhani ya chimbudzi cha munthu amene wadwala kwambiri m'chifuwa. Akuluakulu mundikhululukire. Ine ntchito yanga ndi youlutsa mawu pa wailesi ya m'dera lathu, ndipo kawirikawiri ndimamasulira zikalata za a zaumoyo kuchoka m'Chipwitikizi kupita m'chinenero chathu. M'Chipwitikizi mawu akuti fezes amangotuluka, palibe amene amagwetsa nkhope. Koma m'Chichewa ndimayamba ndaganiza za amene akumvera kunjako. Mwina mkamwini ali pakhonde limodzi ndi apongozi ake, wailesi ili pakati pawo. Tsono timazungulira, timati kudzithandiza, kupita kuseri, kutuluka panja. Ulemu umenewu ndi wabwino ndithu. Koma alipo malo amodzi pamene ulemu wotere ungathe kupha munthu, ndipo malowo ndi pamaso pa namwino.

Tonse tikukumbukira chaka cha 2020. Matenda a Covid-19 adayamba kudziwika mumzinda wa Wuhan ku China mu Disembala 2019. Ku Zambia adalengezedwa pa 18 Marichi 2020, kuno ku Mozambique pa 22 Marichi, ndipo ku Malawi pa 2 Epulo. Kuyambira pa 1 Epulo, Pulezidenti wa nthawiyo a Filipe Nyusi adaika dziko pansi pa malamulo a nthawi ya ngozi. Misonkhano idaletsedwa, chiwerengero cha anthu pa maliro chidachepetsedwa, ndipo ife amene timagula ndi kugulitsa ndi abale athu a ku Petauke ndi ku Nyimba tidaona malire atauma. Masiku oyambirirawo dziko lonse lapansi linkawadziwa matendawa ndi zizindikiro zitatu: kutentha thupi, kutsokomola ndi kubanika. Ndizo tinkalengeza m'mawa ndi madzulo, mpaka ana adaziloweza pamtima.

Pasanapite nthawi, omvera adayamba kuimba foni ndi funso lina. Mayi wina wa cha ku Chipera adandifunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, amuna anga akutsokomola, komanso m'mimba simukuima. Kodi amenewa ndi matenda awiri kapena amodzi?" Funso limeneli lidabwera kambirimbiri, ndipo pafupifupi nthawi zonse ofunsa anali amayi, popeza ndiwo amasamala odwala ndi kuona zimene ife abambo sitiona. Yankho lake ndidalimvetsa bwino chaka chotsatira, matenda atalowa pabanja pathu.

M'nyengo yozizira ya 2021, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mtundu wa kachiromboka wotchedwa Delta udafala kwambiri, ndipo chigawo cha Tete chidakhudzidwa ndithu. Ndi pamene adadwala malume anga, bambo wa zaka zoposa 60, mlimi wa chimanga ndi thonje. Ndiwo adatisunga ku Ukwimi, m'boma la Petauke, pa nthawi ya nkhondo, nabwerera nafe kwathu mtendere wa 1992 utakhazikika. Ndi munthu wolimba, wosakonda kudandaula. Matenda awo adayambira m'mimba. Kwa masiku atatu ankangopita kuseri, osatsokomola ngakhale pang'ono. Pakhomo onse adati ndi kapenta wa ku Cahora Bassa amene adadya atagona. Alendo ankabwera kudzawazonda, nakhala nawo m'nyumba chitseko chili chotseka chifukwa cha chisanu. Tsiku lachinayi thupi lidatentha. Tsiku lachisanu ndi chimodzi sankatha kufika kuchimbudzi osapumira panjira.

Mkamwini wawo adawakweza pa njinga yamoto, akazi awo atawagwirira kumbuyo, mpaka kuchipatala chaching'ono kumene ine ndidawapeza. Tili panja, akazi awo adandikokera pambali nandinong'oneza zonse za masiku asanu ndi limodziwo. Titalowa, namwino adafunsa kuti, "Bambo, mwayamba liti kudwala?" Malume adati, "Dzana, mwananga." Namwino adafunsanso kuti, "Chikukuvutani n'chiyani?" Iwo adati, "Chifuwa basi." Mkamwini anali chiimire pambali pawo atawachirikiza phewa. Namwinoyo anali mayi wozindikira. Adatsina khungu la malume naona kuti likuchedwa kubwerera, adayang'ana maso olowa m'kati ndi milomo youma, kenaka adatembenukira kwa mkamwini uja nati, "Achimwene, tatulukani pang'ono mukaone njinga yanu, ana angaiseweretse."

Chitseko chitatsekedwa adafunsa za m'mimba. Malume adakhala chete kanthawi, kenaka adandiyang'ana nati, "Mphwanga, iwe ndiwe wa pa wailesi, pakamwa pako padazolowera. Auze ndiwe." Ndidafotokoza kuti adayamba kutsegula m'mimba masiku asanu ndi limodzi apitawo, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ndi kuti mkodzo udachepa kwambiri. Namwino adati, "Ndiye kuti matendawa sadayambe dzana. Tikulowa kale m'sabata yachiwiri, ndipo ndi m'sabata yachiwiri m'mene chifuwa chimalimba." Adawaika madzi a m'botolo pamkono, adawapima m'mphuno napeza Covid-19, adawaika kachipangizo pachala naona kuti mpweya wa m'magazi watsika. Sadalole kuti abwerere kunyumba ndi mapiritsi. Adakonza zowatumiza kuchipatala chachikulu ku Tete kumene kunali mpweya wa okosijeni. Malume adakhalako sabata ziwiri ndipo adachira, ngakhale kuti m'mimba mwawo mudatenga miyezi kuti mukhazikike.

Taganizani chimene chikadachitika namwino uja akadangomva zoti chifuwa chidayamba dzana. Akadawerenga masiku awiri pamene enieni anali asanu ndi limodzi, ndipo sakadadziwa kuchuluka kwa madzi amene thupi lidataya. Mawu ochepa a za kuseri ndiwo adasintha chithandizo chonse.

Tsono kachirombo ka m'chifuwa kamakafuna chiyani m'matumbo? Akatswiri adapeza kuti kachirombo ka Covid-19 kamalowa m'thupi kudzera pa timakomo tina totchedwa ACE2. Timakomo timeneti tili m'mphuno ndi m'mapapo, komanso tili tambirimbiri m'matumbo ang'onoang'ono. Munthu akameza mamina ndi makhololo, kachiromboka kangathe kufika kumeneko n'kupeza khomo lotsekula. Mu 2020 madokotala a ku Hong Kong adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 60 wokhudza odwala oposa 4,000. Adapeza kuti odwala pafupifupi 18 mwa 100 alionse anali ndi vuto la m'mimba, monga kusafuna kudya, nseru, kusanza kapena kutsegula m'mimba. Mwa odwala amene chimbudzi chawo chidapimidwa, pafupifupi theka chidapezeka ndi zotsalira za kachiromboka, ndipo mwa ambiri zotsalirazo zinkapezekabe ngakhale m'mphuno mutayera kale.

Kupeza kachirombo m'chimbudzi ndi nkhani ina, kudziwa ngati matumbo avulala ndi nkhani inanso. Apa ndi pamene madokotala amachita monga alenje athu aja. Mawu akuti asilikali a m'thupi tonse tidawazolowera chifukwa cha maphunziro a za Edzi. Mwa asilikali amenewa muli gulu lina lotchedwa ma neutrophil, limene limathamangira patsogolo paliponse pamene pavulala. Mafinya amene timaona pachilonda, mbali yake yaikulu ndi mitembo ya asilikali amenewa. M'kati mwawo amanyamula chinthu chotchedwa calprotectin, chimene ntchito yake ndi kulanda tizirombo michere ina yofunika, monga zinki, kuti tisaswane. Khoma la matumbo likatupa, asilikaliwa amakhamukira kumeneko, ambiri amafera komweko, ndipo calprotectin wawo amatuluka pamodzi ndi chimbudzi. Zili ngati lupsa la kuphiri. Ngakhale simudaone moto, mvula yoyamba ikagwa phulusa limafika kumtsinje, ndipo kuda kwa madzi kumakuuzani kukula kwa moto umene udayaka kumtunda.

Calprotectin adamutulukira mu 1980 dokotala wa ku Oslo m'dziko la Norway dzina lake Magne Fagerhol pamodzi ndi anzake, ndipo mu 1992 madokotala a mumzinda womwewo adaonetsa njira yomupimira m'chimbudzi. Mwa munthu wamkulu wa bwinobwino amakhala wosafika mamaikulogalamu 50 pa galamu imodzi ya chimbudzi. Akakwera kufika mazana, ndiye kuti m'matumbo muli nkhondo. Ubwino wa kupima kumeneku ndi wakuti sikufuna jakisoni kapena kulowetsa chipangizo m'mimba. Kachimbudzi kochepa kwambiri m'kabotolo n'kokwanira. Ku Ulaya amapima chotere makamaka anthu odwala matenda okhalitsa a kutupa kwa matumbo, pofuna kudziwa ngati mankhwala akugwira.

Covid-19 atafika, madokotala a ku Innsbruck m'dziko la Austria, pakati pawo a Maria Effenberger ndi a Herbert Tilg, adapima odwala 40 amene adagonekedwa m'chipatala chawo, ndipo adalengeza zotsatira mu Epulo 2020. Mwa odwalawo, 22 anali akutsegula m'mimba kapena anali atangosiya kumene. Amenewa adapezeka ndi calprotectin wokwera kuposa 18 amene sadatsegule m'mimba, ndipo wokwera koposa anali mwa amene anali akutsegulabe. Chinanso n'chakuti amene calprotectin wawo adakwera m'chimbudzi, m'magazi mwawo mudakweranso chizindikiro cha kutupa kwa thupi lonse chotchedwa interleukin-6. Chaka chomwecho madokotala a pa chipatala cha Gemelli ku Rome adaona kuti odwala a calprotectin wokwera ndiwo ankapezeka kwambiri ndi chibayo akajambulidwa m'chifuwa, ngakhale ena mwa iwo sankadandaula za m'mimba. Kunena kwina, chimbudzi chinkapereka uthenga wa zimene zikuchitika m'mapapo.

Koma mlandu saweruza ndi mboni imodzi. Pa chipatala cha Mount Sinai ku New York, kafukufuku amene adatuluka mu 2021 adapeza kuti odwala ambiri otsegula m'mimba analibe kutupa kwakukulu kwa matumbo. Choncho madokotala samutenga calprotectin ngati woweruza yekha wa kukula kwa matenda a m'chifuwa. Amamuika pamodzi ndi kapumidwe ka wodwala, mpweya wa m'magazi ndi zina. Chimene onse amagwirizana n'chakuti mapapo ndi matumbo amamvana. Ku Hong Kong komweko, gulu la Pulofesa Siew Ng lidapima odwala 100 ndipo lidapeza kuti tizirombo tabwino timene timakhala m'matumbo mwa munthu aliyense, tothandiza kugaya chakudya ndi kuziziritsa kutupa, tidachepa mwa odwalawo. Tidachepa kwambiri mwa amene adadwalitsa, ndipo tinali tisanabwerere mwakale ngakhale patapita mwezi kachirombo katatha. Nditawerenga zimenezi ndidamvetsa chifukwa chake m'mimba mwa malume mudachedwa kukhazikika.

Kunena zoona, agogo athu adaziona kale zoterezi pa matenda a chikuku. Chikuku chimafala ndi kutsokomola, chimayamba ngati chimfine, ndipo chimatuluka pakhungu. Koma agogo ankaopa kwambiri mwana wa chikuku akayamba kutsegula m'mimba, ndipo ankati chikuku chalowa m'kati. Madokotala akuvomereza kuti chibayo ndi kutsegula m'mimba ndi zimene zimapha ana ambiri a chikuku, chifukwa kachirombo kake kamawononga khungu la m'kati mwa njira ya mpweya ndi la m'matumbo lomwe, komanso kamafooketsa asilikali a m'thupi. N'chifukwa chake mwana wa chikuku amapatsidwa vitamini A kuchipatala. Chimfine chachikulu cha m'nyengo yozizira nachonso chimatha kubwera ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba, makamaka mwa ana.

Mwina wina afunsa kuti za ku Austria ndi ku Hong Kong zikutikhudza bwanji ife a ku Fingoé ndi ku Malowera. Yankho lili pafupi nafe, kutsidya kwa malire. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala adapima chimbudzi cha ana amene adagonekedwa chifukwa cha kunyentchera koopsa, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2016. Ana amene adamwalira anali ndi calprotectin wokwera kuposa amene adachira, komanso anali ndi zizindikiro zambiri za kutupa m'magazi. Ku Lusaka, Pulofesa Paul Kelly ndi Dokotala Beatrice Amadi akhala akufufuza kwa zaka zambiri matumbo a ana ndi akulu a m'komboni ya Misisi. Iwo ndi ofufuza ena adaonetsa kuti kumene madzi ndi osatetezedwa ndipo zimbudzi ndi zochepa, matumbo a anthu ambiri amakhala otupa pang'onopang'ono nthawi zonse, ngakhale munthuyo sakutsegula m'mimba. Tinthu ta m'kati mwa matumbo timene timayamwa chakudya timafupika, ndipo khoma lake limayamba kudontha ngati denga la udzu wakale.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutifika pakhomo. Ambiri a ife timamwa madzi a pachitsime chosavundikira kapena a mumtsinje mmene mumamwanso ng'ombe. Ana athu amasewera pa dothi limene nkhuku, mbuzi ndi nkhumba zimayendapo. Njoka za m'mimba sizisowa, ndipo amene amakhala m'mphepete mwa nyanja ya Cahora Bassa amadziwa likodzo, limene mtundu wake wina umagwira matumbo. Choncho matenda a m'chifuwa akamafika, ambiri amatipeza matumbo athu ali otopa kale. Khoma la matumbo ndilo mpanda umene umaletsa tizirombo ta m'mimba kulowa m'magazi. Thupi likatentha, mpweya ukachepa ndipo munthu sakudya, mpanda uja umafooka kwambiri, zonyansa zina zimadutsa, ndipo kutupa kwa thupi lonse kumakula. Kuonjezera apo munthu akutaya madzi, impso zikuvutika, chakudya sichikukhala m'mimba. Wodwala wotere akumenya nkhondo ziwiri nthawi imodzi, ndipo mwana wonyentchera kapena nkhalamba ndi amene amagonja msanga.

Kupima calprotectin sikuchitika m'zipatala zathu za kumidzi, ndipo ngakhale kukadachitika, kukwera kwake kuno kukadafuna kuwerenga mosamala, popeza njoka, likodzo ndi kamwazi nazonso zimamukweza, ndipo ana aang'ono amakhala naye wambiri mwachibadwa. Koma zina mwa zimene makina a ku Ulaya amafuna kudziwa, maso a wosamala wodwala amaziona tsiku ndi tsiku. Wodwala wapita kuseri kangati? Chimbudzi chake ndi cha madzi, cha mamina kapena cha magazi? Chidayamba tsiku liti, chifuwa chisanayambe kapena chitayamba? Wakodza kangati lero? Akumwa kapena akusanza chilichonse? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo labotale yathu yoyamba, ndipo safuna ndalama ngakhale metikali imodzi. Amangofuna kuti afike kwa namwino.

Palinso nkhani ya kabotolo. Nthawi zina a zaumoyo amapempha kuti mubweretse kachimbudzi pang'ono kuti akapime. Ndikudziwa mantha amene alipo. Tidakula tikumva kuti tsitsi, zikhadabo ndi za kuseri sapatsa mlendo, angakuchite nazo chipongwe. Ena amalandira kabotolo naakataya panjira. Koma tikumbukire zimene zidachitika mu 2022. Mu Febuluwale chaka chimenecho matenda a poliyo adatsimikizika mwa mwana wina ku Lilongwe, ndipo mu Meyi adatsimikizika m'boma la Changara m'chigawo chathu chomwechino cha Tete. Chaka chisanathe, ana 8 a m'chigawo chino adapezeka ndi poliyo wa mtundu umenewo. Matendawa amatsimikizidwa popima chimbudzi cha mwana amene wafa miyendo mwadzidzidzi, kawiri, masiku osiyana. Makolo amene adalola kupereka timabotolo tija ndiwo adachititsa kuti katemera ayende khomo ndi khomo, ndipo mu Meyi 2024 mliriwo udalengezedwa kuti watha. Kabotolo ka mwana mmodzi kadateteza ana a midzi yambiri.

Ku Blantyre ofufuza adachitanso chinthu china chanzeru pakati pa 2020 ndi 2022. Popeza nyumba zambiri mumzindawo zilibe mipope ya zonyansa, iwo ankatunga madzi a m'mitsinje yodutsa m'makomboni n'kumapima zotsalira za kachirombo ka Covid-19, ndipo ankaona zikukwera anthu asanayambe kuchuluka m'zipatala. Uku ndi kuwerenga ndowe kwa mudzi wonse. Tisasokoneze zinthu: njira yaikulu imene Covid-19, chimfine ndi chikuku zimafalira ndi mpweya wa munthu wodwala, makamaka m'nyumba yotseka ngati mmene adakhalira alendo a malume. Komabe za kuseri kwa wodwala si zoseweretsa. Mu 2003, pa mliri wa matenda a SARS, amene ndi pachibale ndi Covid-19, anthu oposa 300 a pa nyumba zosanja za Amoy Gardens ku Hong Kong adadwala, ndipo 42 adamwalira. Ofufuza adaloza mipope ya zimbudzi imene inkabweza mpweya woipa m'nyumba za anthu.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Koma kachiromboka sikadathe, ndipo chaka chilichonse chisanu cha Juni ndi Julayi chimabwera ndi chimfine ndi chibayo. Tsono nazi zimene ndikupempha kuti tisunge. Munthu akadwala chifuwa ndi m'mimba nthawi imodzi, kapena china chikatsata chinzake m'masiku ochepa, tisathamangire kunena kuti ndi ndiwo zogona. Tiwerenge masiku kuyambira pa chizindikiro choyamba, ngakhale chikhale cha m'mimba, ndipo tsiku limenelo ndilo tikanene kuchipatala. Ngati m'chipindamo muli munthu amene mumachita naye manyazi, pemphani kuti atuluke, kapena sankhani wachibale amene angakulankhulireni. Anamwino adazolowera kumva zimenezi monga mmene mlimi adazolowera matope.

Kunyumba, wodwala amwe kwambiri. Mapaketi a mchere ndi shuga, amene kuno timati SRO, amapezeka kuchipatala ndi kwa alangizi a zaumoyo a m'midzi amene timawadziwa ndi dzina lakuti ma APE. Paketi ikasowa, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira Certeza, muikemo timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere. Mwana wotsegula m'mimba apatsidwenso mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo apitirize kuyamwa ndi kudya phala. Kumana wodwala madzi poganiza kuti m'mimba muuma ndi kumufulumizitsa kumanda. Mankhwala oimitsa m'mimba kapena makapisozi ogula pamsika asapatsidwe kwa mwana popanda uphungu wa a zaumoyo.

Pali zizindikiro zimene sizidikira kuti kuche. Werengani kapumidwe ka mwana kwa mphindi imodzi ali phee. Khanda losakwana miyezi iwiri likapuma ka 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akapuma ka 40, ndiye kuti akupuma mothamanga ndipo chingathe kukhala chibayo. Pansi pa nthiti pakamalowa m'kati popuma, mwana akamakana kuyamwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, maso akalowa m'kati, kapena m'chimbudzi mukaoneka magazi, nyamukani nthawi yomweyo. Kwa wamkulu, kubanika atangokhala, kusokonezeka mutu, kapena kutha tsiku osakodza ndi chimodzimodzi. Misewu yathu tonse tikuidziwa, ndipo ulendo wa ku Tete si wa ola limodzi. Amene wanyamuka msanga ndiye amafika akupuma.

Za kuseri kwa wodwala zitayidwe m'chimbudzi chokumba, pabowo pavundikiridwe, ndipo wosamala wodwala asambe m'manja ndi sopo, kapena ndi phulusa sopo akasowa, asanagwire chakudya kapena mwana. Mazenera ndi chitseko zikhale zotsekula masana kuti mphepo idutse, ndipo odzazonda akhale panja. Ana apite kusikelo akalandire katemera yense wa pa khadi lawo. Katemera wa chikuku alipo kuyambira kale, wa chibayo adayamba kuno ku Mozambique mu 2013, ndipo wa rotavirus, woteteza ku kutsegula m'mimba koopsa, adayamba mu 2015. Zonsezi ndi zaulere. Mwana amene matumbo ake ndi olimba amakumana ndi chifuwa ali ndi mphamvu.

Kwa inu mafumu athu, akuluakulu a mipingo ndi anamkungwi, nkhaniyi ikufunika thandizo lanu. Mukanena inu pabwalo kuti kuuza namwino za kuseri si kutukwana, ndi kuti kabotolo ka kuchipatala si ka mfiti, anthu adzamva kuposa mmene amamvera ife a pa wailesi. Akale adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Namwino sangatsekule chitseko chimene ife tachigwira m'kati. Chisanu chikubwerachi, pakhomo panu pakadwala munthu, muyang'ane chifuwa, muyang'anenso kuseri, ndipo zonse ziwiri mukazinene.